Bokosi Lomaliza la Aphunzitsi

Mabokosi asanu ndi limodzi anali atapsa kale pamene Namwino anatuluka ndi lomaliza. Kuseri kwa nyumba, achimwene ake, dalaivala wa malole, ankatakasa moto ndi chitsulo ngati akulipsira munthu.

"Ponya, iwe. Amayi akufuna chipindacho chipite mphepo."

Panali patapita masiku anayi chiwaikireni m'manda bambo awo, amene aliyense, ngakhale akazi awo, ankawatchula kuti Aphunzitsi. Kwa zaka makumi atatu mkuluyo ankalemba mawu pa timakhadi, liwu limodzi khadi limodzi, n'kumasunga m'mabokosi a nsapato. Ankati akukonza buku lotanthauzira mawu. Bukulo silinatuluke, koma nyumba yonse inalivutikira. Aphunzitsi akagwira cholembera, wailesi inkazimitsidwa, ana ankayenda monyang'ama, ngakhale chifuwa chinkadikira nthawi yake. Achimwene anakwapulidwapo mpaka kulephera kukhala pansi chifukwa cha dontho limodzi la tiyi lomwe linagwera pa khadi.

Namwino anali asanalire. Kuchipatala kumene ankagwira ntchito ankalirira odwala osawadziwa n'komwe, koma pa bokosi la bambo ake maso anauma gwa, ndipo zinkamuchititsa manyazi.

Atatsala pang'ono kufika pamoto, pansi pa bokosi panang'ambika, makhadi n'kumwazikira m'fumbi. Anawerama kuti atole. Onse anali oyera bwino kupatula limodzi, lakuda ndi zala, lofewa ngati kansalu. Anawerenga zilembo zoongoka zija.

*Wopondereza. Wolamulira amene anthu ake amapuma bwino akachokapo. Gwero lake ndi kuponda: phazi litsika pa chinthu, osachokapo.*

Aphunzitsi anali ndi lamulo lomwe sankaliphwanya. Chitsanzo sankapeka, ankalemba chokhacho chimene anamva ndi makutu awo, ndi amene anachinena. M'munsimo munali motere:

*"Munthu uyu si bambo, ndi wopondereza. Ndikadzachoka muno sindidzabwera." Wonena: mwana wanga wamkazi, kukhitchini, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.*

Tsikulo Namwino ankalikumbukira. Ankatsuka mbale, akunong'oneza amayi ake, poganiza kuti mkuluyo wapita kusukulu. Ndipo mawu akewo Namwino anawasungako ndithu: atachoka, ankangobwera mwa apo ndi apo, osagona.

"Amayi!" anaitana. "Kodi anamva?"

Amayi anatuluka akupukuta manja. Atangoona khadilo anakhala pa khonde.

"Anali pakhomo, kapu ili m'manja. Anabwerera mwakachetechete. Tsiku limenelo sanadye."

"Nanga osandikalipira bwanji? Osandimenya?"

"Anati tanthauzo walipeza ndiwe, iwo angolemba."

Achimwene anaseka mowawa. "Ndiye ankadziwa! Ankadziwa, koma osasintha. Bweretsa kuno, lipse limenelo."

"Dikirani, achimwene."

"Tidikirenso chiyani? Tadikira moyo wonse kuti munthu ameneyu anene mawu amodzi abwino. Mabokosi asanu ndi awiri a mawu, ife osatipatsako ngakhale limodzi!"



"Tembenuza," anatero Amayi motsitsa mawu.

Kumbuyo kwa khadilo pepala linali litapyapyala chifukwa chofufutafufuta, pena mpaka kubooka. Pamwamba pokha ndi pamene panatsala liwu limodzi la pensulo, ndi kampatuliro patsogolo pake.

*Mwananga,*

"Chaka chilichonse, tsiku lako lobadwa, ankalitulutsa," anatero Amayi. "Ankalemba mizere iwiri, n'kufufuta. Ndikawafunsa ankati sanapeze mawu oyenera."

Apo ndi pamene misozi inabwera, yambiri. Namwino analira atagwada m'fumbi momwemo, ndipo chisoni chake chinali chakuti panalibenso woti amuyankhe.

Achimwene anaima kanthawi, chitsulo chili m'manja. Kenaka anachiponya pansi, nagwada pafupi ndi mlongo wawo, n'kuyamba kutola makhadi aja. Lililonse ankalipukuta fumbi pa malaya awo, manja atayamba awapukuta kaye, monga mmene Aphunzitsi anawaphunzitsira.