Tsiku Limene Ndinanola Nsapato za Mwayi

Ine Greenwell, kunola ndimakudziwa. Ku Dedza anthu ankachokera kutsidya kwa mtsinje ndi zikwanje zawo kuti ndiwanolere, ndipo pobwera kuno ku Barking, ku Mangalande, kudzasamalira nkhalamba, mwala wanga wonolera ndinaunyamula m'chikwama. Akazi anga anandiseka. Akanangoutaya pabwalo la ndege pomwepo!

Mwana wathu Mwayiwathu anayamba kutsetsereka pa ayezi ku Romford ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinkati ndi zibwana za azungu. Koma mwana uja akazungulira m'malere n'kutera ndi mwendo umodzi, ndinkaimirira n'kukuwa ngati ndili ku mpira. Pofika 2006 anali ndi mamendulo atatu, ndipo mpikisano wa Loweruka lina unali wosankha mtsikana mmodzi wokapikisana kunja.

M'mawa wa tsikulo, iye akusamba, ndinatenga nsapato zake zotsetserekera, zokhala ndi chitsulo ngati mpeni kunsi kwake, n'kuyesa chitsulocho ndi chala. Aa! Pakati pali kangalande, kuthwa kuli m'mbali mokha. Ndinati amene amanola izi anaphunzira kuti? Mwana wanga akapikisane ndi chitsulo chokumbika chonchi ine ndili moyo? Ndinathira madzi pamwala, ndinanola mpaka kangalande konse kanatha, chitsulo n'kuthwa ngati mpeni wosendera mbuzi. Ndinazibwezera m'chikwama osauza munthu, mtima uli mbee.

Abale, kangalande kaja ndi kamene kamagwira ayezi.

Atangolowa m'bwalo kuti atenthetse thupi, miyendo inamuthawa. Anadzuka, anatukula phazi, anayang'ana chitsulo, kenako anandipeza ndi maso pakati pa chinamtindi chonse chija. Nthawi yokonza panalibe, dzina lake linali lachiwiri kuitanidwa. Analowa choncho. Anagwa katatu, ndipo kachitatuko sanathe kudzuka yekha. Bondo.

Kochi wake, mayi Etta, analusa. "Wagwira nsapatozi ndani?"

"Ndanola ndekha," anatero Mwayi.

Ine ndinali pomwepo, chipewa chili m'manja, ndipo ndinangoti zii. Kukhala chete kumeneko kumandipweteka kuposa kunolako.

Bondo silinachirenso bwino. Kunja kunapita mtsikana wina, Mwayi anasiya zonse. Zaka zitatu zinatha osatchulapo za tsikulo, iye kapena ine.

Mwezi wathawu Mwayi wasamukira ku Greenwich. Ndinapita kukamuona, mwala uli m'thumba la jekete, ndikufuna kuuponya mumtsinje wa Thames iye akuona. Ndinauika patebulo.

"Mwayi, tsiku lija ndine amene..."

"Ndinadziwa ndisanadzuke pa ayezi paja," anandidula. Mwana amene amandiyankha m'Chingerezi masiku onse, apa anayankhula Chichewa. Anatsegula kabati, anatulutsa mpeni wobuntha n'kuuika pambali pa mwala uja.

"Ababa, uwu ndiye munole. Koma nsapato zija mukanangondifunsa."