Kabokosi m'Khoma la Fainess

Pamene Fainess ankawonjezera chipinda panyumba yake ku Chipadze, m'tauni ya Bindura, mawaya a magetsi anakoka ndi bambo ake, a Obadiya, amene anakalambira pantchito ya magetsi kumgodi wa ku Shamva. Pokumana mawayawo anaikapo kabokosi. Fainess anati chivundikiro chake chikunyansitsa khoma, ndipo anawapempha kuti achikwirire. A Obadiya anakana kawiri, kachitatu anangomata simenti pamwamba pake. Atapaka penti, panalibenso chizindikiro.

Patapita zaka zisanu ndi zitatu, a Obadiya anadwala matenda ofa ziwalo. Dzanja lamanja linafooka, mawu osamvekanso, ndipo Fainess anawatenga kuti azikhala nawo. Chaka chomwecho babu la m'chipinda chija linayamba kuphethira. Tsiku lina masana kunamveka fungo la pulasitiki wopsa. Fainess anazimitsa magetsi a nyumba yonse n'kuitana Umali, wamagetsi wa m'tauni momwemo.

Umali anatsegula masiwichi ndi masoketi, osapeza vuto. Anati chikupsa ndi polumikizira mawaya, ndipo anafunsa pamene pali kabokosi. Fainess anali ataiwala. Awiriwo ananyamula a Obadiya pampando n'kuwakhazika pakati pa chipindacho.

"Baba, kabokosi kaja munaika pati?" anafunsa Fainess atagwada.

Mkuluyo anayang'ana makoma nthawi yaitali, kenako analoza pamwamba pa chitseko. Umali anagumula, koma munali njerwa zokhazokha. A Obadiya analozanso pafupi ndi zenera. Namonso munalibe kanthu. Atafunsidwa kachitatu, sanakwezenso dzanja.

Umali anayamba kutsata waya kuchokera pa siwichi, akuswa khoma pang'onopang'ono. Kabokosiko anakapeza kuseri kwa kabati ya zovala, katada bii, mawaya atasungunuka n'kumatirirana. Thabwa la kabatiyo linali litayamba kale kuwauka. Umali anati akanachedwa masiku ochepa, nyumbayo ikanapsa. Anaika kabokosi kena, chivundikiro chili poonekera.

Fainess anauza bambo ake kuti wolakwa ndi iye, poti ndiye anawakakamiza. A Obadiya anapukusa mutu n'kudzimenya pachifuwa ndi dzanja lamanzere.

Kuyambira tsikulo kudya kunawavuta. Sabata yotsatira analozera Fainess chikwama chawo cha zida, chimene sankalola munthu kuchikhudza ngakhale atadwala, ndipo anavutika mpaka anatchula dzina la Umali. Fainess anakwera nacho minibasi ya kombi kukachipereka kwa Umali. Pobwera anawapeza atagona choyang'ana kumbali, phala la m'mawa litazizira m'mbale.