Ndale za pa Ngalande

Mvula itakokolola kamlatho ka pa ngalande, anthu a mu msewu wakumunsi anangoyalapo thabwa. Woyenda ndi miyendo yake ankadutsa bwinobwino. Koma apongozi ake a Telala ankayendera njinga ya olumala, ndipo njingayo pathabwapo sinkakwana. Likafika tsiku lokalandira mankhwala a shuga kuchipatala, Telala ankasiya makina ake osokera pakhonde n'kuwabereka mkuluyo kumsana, mkazi wake akutsatira atasenza njinga.

"Bambo, mwayamba kulemera," ankatero Telala.

"Ndinu mwafooka, akamwini," ankayankha apongoziwo.

Telala anali ndi mawu ake amodzi: "Ine za ndale ayi." Wailesi ikayamba za chisankho, ankaitseka. Kalembera wa mavoti anadutsa iye ali kalikiliki kupinda mathalauza a eni ake. Ankati ndale n'kutcherana mwendo kuti mnzako agwe, choncho wanzeru amaima patali.

M'mawa wina thabwa linanyowa. Telala anaterereka, ndipo onse awiri anagwera m'ngalande. Apongozi anasupuka chigongono, iye bondo linatupa. Kuchipatala sanafike, ndipo wowabereka mkuluyo ulendo wotsatira panalibenso.

Namwino woyandikana nawo nyumba anabwera kudzamanga mabalawo. Akukulunga bandeji anafunsa, "Achimwene, kumsonkhano wa khansala kuja munapita?"

"Ine kukavina n'kumawomba m'manja? Ndilibe chipani."

"Kunalibe kuvina," anatero Namwino. "Sunali msonkhano wa chipani. Anaitana aliyense kuti anene chofunika kukonza m'dera lino. A msewu wakumtunda anabwera ambiri, anapempha magetsi a mumsewu. Si awo akuyaka? Wa msewu uno ndinalipo ndekha. Ndinanena za mlatho, koma mawu anga anamira."

"Nanga akuluakuluwo sakuona okha kuti mlatho palibe?"

"Aone bwanji? Galimoto yawo idutsa pathabwa?"

Apongozi anali pampando, akuyang'ana chigongono chawo. Kenaka anati, "Akamwini, mumati mukuthawa ndale kuti zisakugwetseni. Nanga m'ngalandemo watigwetsa ndani?"

Manyazi anamugwira Telala. Mkazi wake ndiye anatseka nkhani: "Msonkhano wina ukabwera tipita, ndi bondo lanu lomwelo."

Kuyambira pamenepo aliyense wobwera kudzasoketsa ankamva za mlatho. Telala ankamuzunguliza munthu tepi m'chiuno, ndipo sankamumasula asanalonjeze kuti adzapezeka. Ena ankati, "Zimathandiza ngati zimenezo?" Iye ankangowaonetsa bondo, kenaka n'kuloza magetsi a kumtunda.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya pasukulu. Munalibe nsalu za chipani kapena ng'oma, munali mabenchi ndi choko basi. Telala ataimirira, anafotokoza zonse: thabwa, njinga, mankhwala. Ena ankafuna denga la msika, ndipo nawonso anali ndi mfundo zomveka. Khansala anati anthu akweze manja. Tsiku limenelo manja a msewu wakumunsi anachuluka.

"Nkhani ya mlathoyi ndikaitula kukhonsolo," anatero khansala. "Ikachedwa, mudzandifunse. Ndi ufulu wanu."

Inachedwadi. Mwezi unatha, wina n'kutha, pangalande pali thabwa lomwe lija. Apongozi ankanyamulidwa ndi anansi mosinthana. Telala sanapinde manja. Iye, Namwino ndi amayi a mumsewumo anapita kuofesi kukafunsa. Anauzidwa kuti abwerenso, ndipo anabwereranso, mpaka mlonda wa pageti anayamba kuwapatsa moni ngati abale ake. Mvula ina isanayambe, amisiri anafika ndi simenti.

Kalembera wa mavoti atabweranso, Telala anatseka makina ake n'kukaima pamzere. Wometa tsitsi wa pafupi naye anamuseka.

"Inu a Telala? Paja munkati za ndale ayi?"

"Ndinkatero," anayankha. "Ndinkaganiza kuti ndikakhala pakhonde langa zindilambalala. Koma ndale ndi mlatho, ndi magetsi, ndi mankhwala a kuchipatala. Amene abwera ndi amene amasankha. Ukatsala kunyumba, anzako amakusankhira, ndipo amasankha zawo. Tiyeni, mzere sunatalike."

Tsiku la mankhwala litafika, Telala anawerama mwachizolowezi kuti abereke apongozi ake. Mkuluyo anamukankhira pambali. Anapalasa yekha njinga yake mpaka pakati pa mlatho, n'kuima, n'kusuzumira m'ngalande muja anagweramo.

"Bwererani kumakina, akamwini," anatero osacheuka. "Msana wanu wapuma pantchito."