Jekete Yokwiriridwa Kuseri kwa Khola

Pofika naini koloko, Meta anali atakama ng'ombe ziwiri, atachotsa chipale chofewa pakhomo ndi fosholo, atachapa zovala za mwana wake Brina ndi kuziyanika pafupi ndi mbaula. Panatsala kuwaza nkhuni, kuphika buledi ndi kupita ndi mwanayo kusikelo. Atalowa kukhitchini anapeza tebulo lonse lili mapu okhaokha.

Mwamuna wake Jernej anali atagunditsana mitu ndi mkulu wake, Bojan. Ulendo unali wa Lachisanu. Ankafuna kuwoloka malire n'kukakhala masiku anayi m'mapiri a ku Tirol, kukwera ndi masiki, matabwa otsetserekera pachipale, kumene kulibe njira yosalazidwa, kenako kutsetsereka pachipale chosapondedwa ndi munthu.

"Chotsani mapepala anuwa, ndikufuna kukanda ufa," anatero Meta.

"Alamu, m'mawa uno mwatafuna tsabola?" anaseka Bojan.

"Wailesi yati ku Tirol chipale chagwa masiku atatu, ndi mphepo pamwamba pake. Chikhoza kugumuka. Inu simunamve?"

"Tamva. Zaka makumi awiri ndili m'mapiri ine. Phiri limandidziwa."

"Phiri silidziwa munthu, alamu. Munayeserera liti kufukula mnzanu?"

Bojan anayang'ana kudenga. Jernej anayamba kupinda ngodya ya mapu.

"Mayi a Brina, zida tili nazo zonse," anayankha Jernej motsitsa mawu.

"Zida ndaziona. Ndafunsa kuti munayeserera liti."

Bambo a Meta anagwira ntchito yofukula anthu m'mapiri zaka zambiri, ndipo mawu awo anali amodzi: munthu wokwiririka ndi chipale amadikira mphindi khumi ndi zisanu, zikapitirira ukufukula maliro. N'chifukwa chake aliyense wopita kumeneko amamangirira pachifuwa kachipangizo kakang'ono. Poyenda kamakhala kakuitana. Wina akakwiririka, onse otsala pamwamba amatembenuza tawo kuti tizimvetsera, ndipo muvi wooneka pa kachipangizoko umaloza kumene kuli mnzawoyo.

Meta anatsegula kabati n'kutulutsa kachipangizo ka malemu bambo ake. Anakayatsa, anakakulunga mujekete yofiira ya Jernej.

"Khalani momwemo, osasuzumira pawindo," anatero.

Anapita kumunda wotsetsereka wa kuseri kwa khola, anakumba dzenje lofika m'chiuno, anakwirira jeketeyo, n'kupondaponda munda wonse kuti mapazi asaulule malo. Anabwerera akupuma mwawefuwefu, ananyamula Brina, n'kuonetsa amunawo wotchi.

"M'mundamo muli munthu. Mukamutulutsa nthawi isanakwane, chakudya cha paulendo ndikulongedzerani ndekha. Tayambani."

"Zamasewera," anatero Bojan. Anamangirira kachipangizo kake pachifuwa monga amachitira nthawi zonse, anatseka zipi, anatola fosholo ndi ndodo yobayira pansi. "Iwe mphwanga tsogola ndi muviwo. Kukumba ndisiyire ine."

Jernej anatembenuza kake n'kutsatira muvi. Unaloza kumanzere. Anathamangira kumanzere, Bojan anam'dutsa, muvi unakhotera kumanja.

"Ndi apa!" anakuwa Jernej.

Bojan anabaya, anakumba, anapeza udzu.

"Mphindi zisanu ndi imodzi," anatero Meta.

"Alamu, khalani chete, mukutisokoneza!"

"Chipale chikagumuka mudzachiuzanso kuti chikhale chete?"

Anazungulira mtengo wa maapozi kawiri. Anakumba maenje atatu. Kulikonse kumene Bojan ankaima, muvi unkati munthu ali pomwepo. Meta anali ataona cholakwikacho kuyambira pachiyambi, koma analuma mlomo. Brina anayamba kulira, iye anangomusinthira kudzanja lina.

"Kachipangizo kakoka n'kakufa!" anakalipa Bojan. "Unakagula kuti, kwa ogulitsa zidole?"

"N'katsopano! Inu achimwene tasiyani kundizungulira ngati ntchentche!"

"Khumi ndi zisanu," anatero Meta. "Wafa. Pitirizani, akwawo akufuna mtembo."

Pa mphindi ya makumi awiri ndi ziwiri Jernej anaima. Anayang'ana muvi, anayang'ana mkulu wake. Anam'yandikira, kachipangizo kanalira mwamphamvu. Anam'gwira pakhosi pa jekete n'kutsitsa zipi. Ka Bojan kanali kakuphethira pachifuwa, kakuitanabe.

"Simunatembenuze," anatero Jernej. "Nthawi yonseyi ndakhala ndikufunafuna inuyo."

"Ndimati wofufuza ndiwe. Ine ndimangokumba."

"Zaka makumi awiri!" Mawu a Meta anamveka mpaka kumsewu. "Zaka makumi awiri, alamu, kabatani kamodzi! Safunsa anadya phula. Inu mukufuna kudyetsa phulalo ine ndi mwanayu?"

Bojan atazimitsa kake, anaipeza jeketeyo m'mphindi zinayi. Pokumba mwaukali Bojan anagunda mwala, fosholo inathyoka mpini. Meta anaitola jeketeyo, anaikung'untha, anaiponya pachifuwa pa mwamuna wake.

"Landirani mtembo wanu. Lero munali awiri pamwamba, dzuwa likuwala, mamita makumi atatu kuchokera pambaula. Lachisanu mmodzi adzakhala pansi. Ine sindinaphunzire kwambiri, koma wotchi ndimaidziwa."

"Ulola mkazi akulamulire, mphwanga?" anafunsa Bojan.

Jernej anaima atagwira jekete yozizirayo, maso ali padzenje. Kenako analowa m'nyumba. Meta anamumva pafoni akuuza a kunyumba yogona alendo ku Tirol kuti sabwera. Atatuluka anali atapinda mapu onse. Anawapereka kwa mkulu wake.

"Tidzapita tikadzatulutsa wokwiriridwayo m'mphindi khumi, katatu motsatizana," anatero. "Munda ndi womwewu. Loweruka lililonse."

Bojan anaponya mpini wothyokawo m'galimoto, anachoka osatsanzika.

Nkhaniyi inadya zinthu izi. Ndalama yosungitsira malo ku Tirol sinabwezedwe. Fosholo imodzi inatha. Masiku anayi atchuthi amene Jernej anapempha kuntchito anathera pa nkhuni ndi denga la khola. Bojan sanaponde pakhomopo milungu itatu, ndipo apongozi ake a Meta anaimba foni kawiri kufunsa chifukwa chake anachititsa manyazi mwana wawo wamkulu. Sikelo ya Brina inaphonyeka, anachita kukapempha tsiku lina. Buledi tsikulo sanaphikidwe, anadya mbatata, anthu atatu patebulo.