Malimu m'Thanki ya Zitseko

Douwe Terpstra anatsegula shedi yake Loweruka m'mawa n'kuponda thovu. Thovu lotuwa, lolemera ngati phala, linali litasefukira m'thanki, ladutsa pansi pa benchi mpaka kufika pakhomo. M'katimo munali fungo lolasa m'mphuno, ndipo thankiyo inkatokotabe ngakhale moto wake anauzimitsa dzulo lake.

"Mayo ine!" anatero, kapu ya khofi ili m'manja.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri Douwe wakhala akuchotsa penti pa zitseko zakale za anthu a ku Bolsward ndi midzi yozungulira. Chitseko umachimiza m'madzi otentha a soda waukali, chigone momwemo, m'mawa penti yense wasanduka matope, thabwa latuluka loyera. Mipando, mawindo, mageti achitsulo, zonse zimalowa. Chosalowa ndi chimodzi, aluminiyamu, poti soda amamudya. Zimenezi zinalembedwa pakhoma ndi zilembo zofiira, ndipo wolemba wake anali Douwe yemweyo.

M'thankimo usiku umenewo simunagone chitseko. Munagona malimu anayi, zitsulo zovekapo matayala, a galimoto ya achimwene ake, a Auke.

Galimotoyo inali yofiira, ya mipando iwiri, denga lopinda, yopangidwa mu 1973. A Auke anaigula asanakwatire, ndipo akazi awo, a Froukje, ankati iwo ndi mkazi wachiwiri. Malimu ake poyamba anali asiliva, koma mwini wake woyamba anawapaka penti wakuda, wokhuthala, ngati wa pageti. Chaka chilichonse a Auke ankati awakonza. Kenako anadwala matenda akufa ziwalo, mbali yakumanja n'kuuma, mawu n'kumatuluka limodzilimodzi. Lolemba amakalowa kunyumba yosungirako okalamba ku Sneek. Koma Lamlungu kunali ulendo wa magalimoto akale, womwe sanaujombepo chiyambire, ndipo dokotala anavomera kuti apite komaliza, Douwe akuwayendetsa.

Ndiye Douwe, mtima wabwino utamukwera, anati achimwene apite ali pa malimu asiliva. Anamvana ndi alamu ake mwakachetechete. Galimoto anaikweza pa zitsa, matayala anakavulitsa kwa mnzake wa galaja. Loweruka akanakwecha ndi sandipepala, kupopera siliva, kuthira vanishi, Lamlungu m'mawa matayala n'kubwerera.

Ndipo musaganize kuti sanayese. Douwe sayenda opanda maginito m'thumba. Anaitulutsa, n'kuikhudzitsa pabowo la bawuti, pomwe penti anali atakanuka kale. Maginito inamata kuti gwa! Chitsulo, basi. Pozinyamula anamva ndithu kuti zapepuka, koma anangoti anthu akale ankadziwa kupanga zinthu.

Tsopano anatsegula mawindo onse, navala magolovesi ndi magalasi, n'kuyamba kukoka tcheni yomwe anamangirira malimuwo. Tcheni inkabwera mosavuta, mosavuta kwambiri, ndipo ndi chimene chinamuopsa.

Loyamba linatuluka. Penti analipobe! Penti wakuda uja ankalendewera ngati nsanza, koma limu lomwe anakutira linali litadyeka. M'mphepete, momwe mumagwira tayala, munali mano okhaokha. Masipoko awiri anatsala opyapyala ngati masupuni, lachitatu kunalibe. Anakhudza ndi chala, chala chinalowa. Pakati pokha, pa mabowo anayi a mabawuti, panali timphete tinayi tachitsulo tonyezimira bwinobwino, tosakhudzidwa. Pamenepo ndi pomwe maginito inamata.

Anakoka lachiwiri, lachitatu. Lachinayi linathyoka lili m'malere, theka n'kubwerera m'thanki kuti phava!

Douwe anakhala pansi, pamwamba pa chitseko cha munthu wina. Anali ndi mantha omwe anawamva komaliza ali mwana.

Belu la njinga linalira panja. Anali a Froukje, mphepo itawafiiritsa masaya, m'basiketi muli zitini za penti wasiliva ndi buledi wa shuga.

"Alamu, mwayamba kale? Ndabwera ndi wasiliva uja munati... Kodi mwakhaliranji pansi? Ndi thovu lanji ili?"

Douwe analoza ndi mutu. A Froukje anayang'ana. Anayandikira, nayang'ananso, dzanja lili pakamwa.

"Zimenezi n'chiyani?"

"Malimu."

"Malimu ake ati?"

"Omwe aja, alamu."

"Ayi. Ayi, ayi, ayi! Douwe, musandiseke ine, ndakalamba."

"Anali a aluminiyamu."

A Froukje anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwerenga chikwangwani chapakhoma, milomo ikugwedera. "Munalemba ndani ichi?"

"Ine."

"Ndiye kuwerenga munaiwala? Zaka zonsezi mumakalipira anthu pa chogwirira chitseko chimodzi cha aluminiyamu, lero inuyo mwaphika mawilo anayi athunthu!" "Bamboyo usiku wonse amandifunsa chipewa chake cha ulendo. Ndamuchapira ndi sikafu yomwe. Ndikamuuza chiyani ine?"

Tsiku lonselo linathera pa foni. Wapampando wa gulu la magalimoto akale atamva anafunsa ngati Douwe waledzera. Malimu a mtundu umenewo, anatero, mwina ku England, ndipo asayembekeze asanathe masabata atatu. Wina wa ku Zwolle anali ndi awiri okha, opindika. Mnzake wa galaja anayesa a magalimoto asanu, mabowo osagwirizana. Douwe mpaka anavula wilo la vani yake, akudziwa bwino kuti lili ndi mabowo asanu, n'kukaliyeza ndithu. Munthu akasokonezeka amachita zauchitsiru.

Dzuwa likupendeka ananyamula limu limodzi, nalikulunga m'chiguduli, n'kukagogoda kwa achimwene ake.

A Auke anali pa chikuku chawo pafupi ndi windo, chipewa chachikopa chili kale pamiyendo. Atamuona mng'ono wawo, mbali yamoyo ya nkhope inamwetulira.

"Dalaivala," anatero movutikira. "Mafuta?"

"Mafuta alimo, achimwene." Douwe anagwada, nafunyulula chigudulicho. "Ndimafuna muwaone asiliva. Ndinawaika m'thanki."

A Auke anayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula dzanja lamanzere, nagwira sipoko imodzi, sipokoyo n'kuwatsalira m'manja. Anaiyang'ana ngati dzino lawo lomwe. Kale, munthu ameneyu akanagwedeza nyumba ndi kukalipa, ndipo Douwe analakalaka atatero.

"Onse?" anafunsa pomaliza.

"Onse, achimwene."

A Auke anachotsa chipewa pamiyendo n'kuchiika patebulo.

Lamlungu m'mawa a Froukje anaimba foni. "Bwerani. Akukufunani. Musandifunse, nanenso sindikudziwa."

Anawapeza a Auke ali pakhomo la galaja yawo, chipewa chili kumutu, sikafu m'khosi. Galimoto inali pa zitsa zake zinayi, yopanda miyendo, yochititsa manyazi.

"Ndikweze," anatero.

"Achimwene, siyenda iyi..."

"Iwe. Ndikweze."

Douwe ndi alamu ake anawanyamula, nawakhazika kumpando wa wokwera, wakumanja, n'kuwamanga lamba. A Froukje anakankha zitseko za galaja zonse ziwiri, msewu n'kuonekera. Douwe anakhala pa chiwongolero, osadziwa poyang'ana.

"Liza."

Injini inadzuka kamodzi, galimoto yonse n'kunthunthumira pa zitsa. Patapita kanthawi, kumsewu kunatulukira oyamba a ulendo uja: yobiriwira, yoyera, ina yachikasu, madenga opinda, anthu atavala zipewa. Nkhani inali itawanda kale. Aliyense pofika pagetipo ankachepetsa liwiro n'kuliza hutala, ena akukweza dzanja, ena akuyang'ana zitsazo kukamwa kuli yasa.

A Auke sanakweze dzanja. Analiika pa giya.

"Ponda," anatero.

Douwe anaponda kalachi. Dzanja lamanzere lija linakankha giya yoyamba, mwaluso ngati kale, ndipo kumbuyo zitsulo zopanda mawilo zinayamba kuzungulira m'malere.

"Ponda."

Yachiwiri. Yachitatu. Magalimoto ankadutsabe, makumi anayi kapena kuposa, mpaka womaliza analowa pakona ya tchalitchi, msewu n'kutsala wokhawokha. Douwe sankaonanso bwino, misozi inali itadzaza m'maso. Ananyamula dzanja kuti azimitse injini.

"Usazimitse," anatero a Auke, maso ali kutsogolo. "Sitinafike."