Mpopi wa Amake Linda

Mpopiwo unalowa m'nyumba ya Betty ku Mtendere uli m'pulasitiki yakuda. Abwana ake a ku Kabulonga, kumene wagwira ntchito ya m'nyumba zaka khumi ndi zinayi, ankasintha khichini yonse, ndipo Betty sanapemphe makatani kapena mipando. Anapempha mpopi. Unali uja wokoka, umene mutu wake umasololoka ndi paipi yofewa n'kufika pamene ukufuna. Msana wa Betty unatopa kalekale ndi ndowa, ndiye kudzaza ndowa ili pansi, osaikweza m'sinki, kwa iye chinali chinthu chachikulu.

Mwamuna wake Fanwell, wowotcherera mageti ku Kalingalinga, anaumanga tsiku limodzi. Koma sabata isanathe, pansi pa sinki panayamba kudontha, polumikizira paipi yofewayo. Fanwell sanachedwe. Anadula chubu cha tayala nakulunga malegeni pamenepo mpaka panatupa ngati bondo. Paja ku komboni malegeni ndi mankhwala a matenda onse: njinga, mpando, ngakhale chitseko cha chimbudzi. Madzi analibe nazo ntchito. Anapeza njira yawo, thabwa la kabati n'kuyamba kufufuma.

Lachinayi Fanwell anabwera ndi mpopi wamba wamkuwa nauika pa tebulo.

"Amake Linda, ivi vinthu va kumayadi sivikonda komboni," anatero. Anawonjeza kuti Loweruka likafika kukudonthabe, adzauchotsa wokokawo.

Betty zinamupweteka, koma sanatsutse. Fanwell si munthu wouma mtima, kungoti chimene chakana malegeni iye amati chafa.

Lachisanu Betty anaweruka msanga, napeza madzi kulibe monga mwa nthawi zonse. Anagwada patsogolo pa kabati n'kuchita zimene mwamuna wake sanachite: kungoyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatambasula dzanja m'mwamba, nakoka mutu wa mpopi pang'onopang'ono, maso ali pansi. Paipi yofewa inanyamuka bwinobwino, kenako inakola pa chogwirira cha chigubu cha madzi chimene chinali m'kabatimo, n'kugwedeza polumikizira paja. Anakokanso, inakolanso.

Betty anakhala pansi n'kuyamba kuseka yekha. Pansi pa sinki ya ku Kabulonga pamakhala sopo basi. Pansi pa sinki yake panali zigubu zisanu ndi chimodzi, chifukwa ku Mtendere madzi amabwera pamene afunira, ndipo mkazi wanzeru sasiya malo ozizira opanda chigubu. Anaziikamo ndi manja ake omwe, tsiku lomwe mpopi unamangidwa.

Anatulutsa zigubu zonse, natseka madzi, nadula malegeni ndi mpeni. Atamasula nati ya polumikizira paja anapeza kamphira ka m'kati katapindika n'kung'ambika mbali imodzi. Anakakulunga m'kansalu, napita nako ku msika kwa ogulitsa zamapaipi, nabwera ndi kanzake kofanana. Anamanga nati ndi zala mpaka inakana, kenako anaipotoza pang'ono chabe ndi sipanala, monga anaonera kwa wokonza mipopi ku ntchito. Anatsegulanso madzi kuti akabwera alowe, nayala nyuzipepala pansi pa polumikizirapo.

Loweruka madzi anabwera dzuwa litakwera kale, mapaipi akutsokomola. Fanwell analowa m'khichini, sipanala m'manja. Anaona malegeni ake ali mu bini. Anagwada, nagwira nyuzipepala, naitembenuza. Inali youma. Betty anamufotokozera za chigubu, osabisa kuti cholakwa chinali chake, ndipo Fanwell anapukusa mutu akumwetulira, n'kunena kuti malegeni ake analibe mlandu.

Betty anakoka mpopi, naulozetsa mu ndowa yaikulu imene inali pansi. Anaima chilili, dzanja lina m'chiuno, mtima uli m'malo, madzi akukwera okha. Itadzaza, Fanwell anati aikankhire pakona kuti adutse. Inakana. Anaigwira ndi manja awiri, naitukula pang'ono, n'kuibweza pansi msanga.

"Ndiye iyi mwenze kuichosa mu sinki mweka?"

"Kasanu pa siku, batate ba Linda."

Fanwell anatenga mpopi wamkuwa uja naubweza m'chikwama chake cha zida, natulutsa tepi yoyezera. Anapita kuseri kwa chitseko kumene zigubu zinaunjikana, nafunsa Betty kuti choikapo zigubuzo chikhale chachitali motani kuti asamawerame.