Ndevu za Amakaniko

Chiyambireni kudwala matenda ofa ziwalo, amakaniko sankafuna kuonedwa ndi munthu. Anali munthu wathupi, moti akazi awo ankavutika kuwadzutsa pabedi okha. Mayiwo msana unkawawawa, koma akangotchula zopempha thandizo, bambowo ankatembenukira kukhoma.

Loweruka lina m'mawa kunafika abambo atatu a bungwe la abambo achikatolika: ometa tsitsi, akalipentala ndi aphunzitsi opuma. Mayi anawalandira mtima uli m'mwamba.

"Pepanitu, mwina akuthamangitsani," ananong'ona.

"Akatithamangitsa ndiye kuti achira, mayi," anayankha akalipentala akuvula nsapato.

Atatuwo analowa kuchipinda. Mayi anatsala kukhitchini akutenthetsa madzi, khutu lili kuchitseko. Kenaka anamva mawu a ometa aja.

"Achimwene, ndevu zonsezi mukusungira ndani? Galimoto munandikonzera ija ikulirabe ngati mbuzi. Lero lumo lili m'manja mwanga, tionana."

Kunamveka kaphokoso kachilendo. Mayi anathamangirako poganiza kuti amuna awo atsamwa. Anawapeza atakhala pampando, thovu lili mbuu kumaso, akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, aphunzitsi atawachirikiza paphewa.

"Madzi aja atentha?" anafunsa aphunzitsi. "Awa tiwasambitsa ife, inu kapumeni. Lachitatu kubwera anzathu ena."

Mayi anapereka ndowa ndi sopo, nakakhala pakhonde. Anatambasula miyendo, natsamira khoma, ndipo tulo tinawaba pomwepo dzuwa likuswa mtengo.